Magudumu a Humber ya agogo: yambani mwafunsa akabaza

Achimwene, mwafunsa komwe mungapeze magudumu ndi matayala a njinga ya Humber yomwe agogo anasiya, poti malimu adyeka ndi dzimbiri ndipo matayala anang'aluka kalekale. Musathamangire ku Limbe kapena kuitanitsa kunja musanazungulire kwa ogulitsa zipangizo za njinga pa msika wa pa boma pano. Njinga zakuda zija zomwe akabaza ndi onyamula makala amapalasa, ma Hero, Avon ndi Phoenix, anazipanga potengera njinga za Angelezi ngati yanuyo, ndiye zambiri zimavala tayala lofanana, la 28 x 1 1/2. Kwa azungu tayala limeneli likusowa, kuno kwathu langoti mbwee.

Koma pa 28 pamenepo m'pamene ambiri amatayira ndalama. Matayala a njinga zina za kaunjika nawonso amalembedwa 28, pomwe ndi a limu ya mamilimita 622, ndipo yanu ngati ili yaikulu ija ndi ya 635. Kusiyana ndi mamilimita 13 okha, koma tayala sililowa, mungothyola masipuni. Palinso la 27 x 1 1/4, limene ndi 630, ndipo limapusitsa kwambiri chifukwa limaoneka ngati latsala pang'ono kulowa. Yang'anani m'mbali mwa tayala lakalelo, mukapeza 40-635 mwamaliza. Ngati njingayo ndi yocheperapo ya 26 x 1 3/8, limu yake ndi 590, ndipo tayala la 26 la njinga za mountain, lomwe ndi 559, silingagwire. Manambala akafufutika, nyamulani gudumu lonse mukayezere pomwepo musanapereke ndalama.

Za malimu, onani kaye mabuleki. Ngati ndi a zitsulo aja, opanda waya, amakoka limu chamkati, kumbali ya masipoko, choncho amafuna limu yachitsulo yokhala ndi msana pakati, yomwe amaitcha Westwood. Ya aluminiyamu ya masiku ano mabuleki ake amaifinya m'mbali, ndiye mukaiika pamenepa njinga idzaoneka bwino koma potsika phiri la ku Namwera mudzaitana amayi anu.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: mahabu akalewo, zitsulo zapakati pa gudumu pomwe pamakoledwa masipoko, musataye, ngakhale wokonza atakuuzani kuti gudumu lathunthu latsopano n'lotchipa. N'lotchipadi, koma habu yachingelezi ija mukaitsuka ndi palafini, n'kuika mabelingi atsopano ndi girizi, imapirira kuposa zambiri zomwe zili m'mashopu lero. Komanso mbali yopanga njinga ya kampani ya Humber inagulidwa ndi kampani ya Raleigh ya ku Nottingham mu 1932, ndipo Raleigh inali ndi mazinga akeake, moti manati a pamsika nthawi zina amakana, ndipo ekiselo yatsopano ikhoza kukula osalowa pa foloko yakutsogolo. Ndikaona munthu akupala foloko yakale ndi fayilo kuti gudumu lachilendo lilowe, mtima umandiwawa. Manati akale aliwonse sungani m'chitini. Ngati kumbuyo kuli habu ya magiya atatu ya Sturmey-Archer, ipukuteni bwino, pamakhala manambala a chaka ndi mwezi womwe inapangidwa, ndipo mudziwirapo zaka za njingayo.

Musanagule limu werengani mabowo a habu. Njinga zakale za Angelezi zambiri zinkakhala ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, pomwe malimu ambiri a masiku ano ndi a mabowo 36. Ya 40 funsani akabaza, chifukwa iwo ndi amene amafuna gudumu lakumbuyo lolimba ndipo amadziwa yemwe wabweretsa katundu wabwino. Masipoko gulani atsopano onse, akalewo amaduka mukangoyamba kukunga. Woluka gudumu sankhani wachikulire amene anakulira pa njinga zoterezi, ndipo muone kaye gudumu lina lomwe waluka ngati silikuvina.

Mwinanso malimu anuwo sanatheretu. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi sitiliwulu ndi mafuta pang'ono. Chotsani tayala muone mkati: ngati chitsulo chabooka kapena chikuyoyoka pafupi ndi mabowo a masipoko, imeneyo yapita, musaike moyo wanu pamenepo.

Machubu a 28 amapezeka paliponse. Tengani a valavu yakale ija ya kampira mkati, kuti pampu ya agogo igwirenso ntchito ngati ilipo. Mkati mwa limu muyale lamba wodula ku chubu chakale, mitu ya masipoko isamaboole chubu. Ndi minga ya kuno komanso mchenga wa njira za ku Malindi, tayala sankhani lokhuthala, ndipo mulipinde pang'ono musanagule, chifukwa lomwe lakhalitsa padzuwa limaonetsa ming'alu nthawi yomweyo.

Jambulani habu yakumbuyo ndi manambala a pa tayala muponye muno, tikuuzeni limu yoyenera.