Funsani za Galimoto: Kagalimoto ka mipando iwiri kamamwa bwanji petulo?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndakhala ndikusunga kandalama kuti ndiitanitse Mazda Roadster ku Japan, ija ya mipando iwiri yotsegula denga, ya 2016, injini 1.5, manyuwo. Pa intaneti alemba kuti imayenda makilomita 17.2 pa lita imodzi koma alamu anga akuti limenelo ndi bodza, sipotsi kaa iliyonse ndi chidakwa ndipo ndidzalira nayo pamzere wa mafuta. Ndimakhala ku Chilomoni, ntchito ku Limbe, mwezi uliwonse ndimapita ku Lilongwe kukaona ana. Zoona zake ndi ziti? Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Achimwene, alamu anu akunena za galimoto zina, osati imeneyi. Anthu ambiri akangoona galimoto yafupi, yofiira, ya zitseko ziwiri basi aweruza kale kuti imamwa, koma chimene chimamwa petulo ndi kulemera kwa galimoto, kukula kwa injini ndi phazi la woyendetsa, kuchuluka kwa mipando sikulowapo. Roadster mukunenayo, imene maiko ena amaitcha MX-5 ndipo ku America amati Miata, ndi ya m'badwo wachinayi umene unatuluka mu 2015, ndipo yopepukitsitsa yake imalemera makilogalamu 990 okha, kufanana ndi tima Vitz tadzadza m'tauni timeneti. A Mazda akhala akupanga galimoto imeneyi ku Hiroshima kuyambira 1989 ndipo pofika 2016 anali atapanga miliyoni imodzi, nzeru yake kuyambira kalekale ndi yoti ikhale yopepuka osati ya injini yaikulu.

Koma 17.2 ija musaiike pamtima. Nambala imeneyo inachokera ku mayeso a ku Japan otchedwa JC08, ndipo mayeso ake amachitikira m'nyumba, galimoto ili pa makina ozunguza matayala, kwa mphindi pafupifupi 20, eyakoni yozimitsa, liwiro lake mukaphatikiza zonse ndi makilomita 24 pa ola ndipo pamene yathamangitsitsa ndi 82 basi. Mulibe chitunda, mulibe mphepo, mulibe minibasi yoima mwadzidzidzi pakati pa msewu kuti ikweze munthu. Si kuti a Mazda ananama ayi, makampani onse amayesedwa chimodzimodzi, ndiye nambalayo ntchito yake ndi kufananitsa galimoto ina ndi inzake, osati kukuuzani zimene mudzaone inu pa Chipembere Highway 5 koloko madzulo. A ku Japan omwewo anaona kuti mayesowa akukometsera zinthu, ndiye kuyambira 2018 anasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito ena otchedwa WLTC, ndipo Roadster yomweyo ya manyuwo inatsika kufika pa 16.8. Ku Ulaya injini ya 1.5 yomweyi anailembera malita 6.3 pa makilomita 100, kumene kuli kuyenda pang'ono kuchepera 16 pa lita. Mwaona, galimoto imodzi manambala atatu.

Ndiye inuyo muyembekezere chani? Ine ndinganene kuti paulendo wa ku Lilongwe, mukamayenda 90 kapena 100 mu giya 6 osapikisana ndi aliyense, 15 mpaka 17 pa lita ndi zotheka ndithu. Kuchoka ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310, ndiye tinene malita 20, mwina 21 poti kuchokera ku Balaka kukafika ku Dedza mumangokwera, pobwerera idzamwa pang'ono. M'tauni ndiye nkhani ina. Chilomoni kupita ku Limbe ndi kaulendo kakafupi, injini imakhala isanatenthe bwinobwino inu mwalowa kale mu jamu, ndipo injini yozizira imamwa kwambiri chifukwa kompyuta imathira petulo wambiri kuti itenthe msanga. Pamenepo 11 mpaka 13 musadabwe nayo. Galimoto ikaima pa jamu injini ikulira imayenda makilomita ziro pa lita, kaya ndi Roadster kaya ndi Mira.

Vuto lenileni la kagalimoto aka ndi loti kamanyengerera. Injini yake imakoma ikamazungulira pamwamba, imafika mpaka kuzungulira ka 7,500 pa mphindi, giya yake ndi yaifupi yolowa bwino, ndiye munthu umapezeka ukukoka giya 2 ndi 3 mpaka kumapeto pongofuna kumva kulira kwake, ndipo tsiku limenelo mudzaona 9 kapena 10 pa lita. Palibe amene amagula galimoto yotere kuti aziyenda ngati wanyamula mazira, ndiye powerengera bajeti yanu muikemo masiku a chibwana amenewo, musadzinamize.

Pali zina ziwiri zimene pa intaneti sanakuuzeni. Choyamba thanki. Roadster ya 1.5 ya ku Japan thanki yake ndi malita 40 okha. Pa nthawi yoti mafuta akupezeka palibe vuto, koma nthawi ya mizere ija, mwagona pa filing'i siteshoni usiku wonse mnzanu wa Hilux akuthira malita 80 inu 35 yadzadza, ndiye Lilongwe kupita ndi kubwera pa thanki imodzi n'zokayikitsa, muzikathiranso konko. Ndipo buti yake ndi malita 130, mukaikamo chikwama chimodzi ndi kathumba ka mbatata ya pa Tsangano yatha, za chigubu iwalani, komanso kuyenda ndi chigubu cha petulo kumbuyo kwa msana wanu sindingakulimbikitseni.

Chachiwiri mtundu wa petulo. Injini imeneyi imapanikiza kwambiri, 13 kwa 1, ndipo ku Japan analemba kuti izimwa petulo wa okiteni yokwera, okiteni ndi nambala yosonyeza mmene petulo amapiririra kupanikizidwa osagogodetsa injini. Kuno pa pampu petulo ndi wa mtundu umodzi, simusankha. Galimotoyo ili ndi sensa imene imamva injini ikayamba kugogoda n'kubweza moto pang'ono kuti isaonongeke, ndiye idzayenda, kungoti mphamvu imatsikako ndipo kamwedwe kamakwerako pang'ono. Kumbukiraninso kuti petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakweza okiteni, zimene zili zabwino kwa injini ngati iyi, koma mphamvu yake pa lita ndi yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi petulo, ndiye akasakaniza 10 pa 100 makilomita anu amatsika ndi 3 pa 100. Sizambiri koma zilipo. Chimene ndingakuletseni ndi petulo wa mavenda wa m'mabotolo, ena amathiramo parafini, injini yopanikiza chonchi siyikhululuka zimenezo.

Kunena zoona ine chimene chingandidetse nkhawa si mafuta koma msewu. Pansi pa galimotoyi ndi masentimita 14 kuchoka pa dothi, ndiye mahampu a m'ma trading centre ndi maenje a nthawi ya mvula muziwalowa cham'mbali, pang'onopang'ono, ndipo kuima ndi kunyamuka kumeneko nakonso kumadya petulo. Ngati kwanu msewu ndi wafumbi wokumbika ndi madzi, kaoneni kaye musanatumize ndalama. Koma pa funso lanu la mafuta, alamu anu auzeni kuti ngati iwo ali ndi X-Trail kapena Mark X, amene azilira pa pampu ndi iwowo.

FUNSO: Ndili ku Leeds kuno ku UK, ndili ndi MX-5 ya 2008 ya 2.0. Dashibodi komanso mawerengedwe anga zikundipatsa 35 mpg, kutanthauza mamailosi 35 pa galoni imodzi. Msuweni wanga ali ku Texas akuti yake yatsopano imapanga 29 mpg basi, ndiye ndikumuseka kuti yanga yakale ikuposa yake. Kumudzi akandifunsa kuti pa lita imayenda bwanji ndimasowa choyankha. Wowerenga wa ku Leeds.

YANKHO: Pepani achimwene, siyani kumuseka msuweni wanuyo chifukwa muli pamodzimodzi. Galoni ya ku Britain ndi malita 4.55 pamene ya ku America ndi malita 3.79, dzina limodzi koma zigubu zosiyana. Ndiye 35 yanuyo mukachulukitsa ndi 0.354 ikupereka makilomita 12.4 pa lita, pamene 29 yake mukachulukitsa ndi 0.425 ikupereka 12.3. Kusiyana kwake palibe. Ndiponso 29 imeneyo ndi nambala imene bungwe la EPA la ku America linapereka pa MX-5 yatsopano ya 2.0 ya manyuwo mukaphatikiza tauni ndi msewu waukulu, m'tauni 26 ndipo pamsewu waukulu 34, ndipo manambala a EPA amakhala pafupi ndi zoona kusiyana ndi a ku Japan chifukwa amawerengerako eyakoni, kuzizira ndi kuthamanga. Akayenda ulendo wautali msuweni wanuyo adzakupitirirani, 34 yake ndi 14.5 pa lita.

Yanuyo ndi ya m'badwo wachitatu umene unayamba mu 2005, ndi yolemerako, kupitirira makilogalamu 1,100, injini yake ndi yakale, ndiye 12 pa lita ndi bwino ndithu, palibe chavuta. A ku Joni nawo amawerenga mwina, amati malita angati pa makilomita 100, pamenepo mumangotenga 100 kugawa ndi nambalayo, akati 8 ndiye kuti 12.5 pa lita. Kumudzi muziwauza kuti 12.

FUNSO: Bambo anga anandisiyira Roadster yakale ya 1999, ya 1.8. Geji ya mafuta sindiikhulupirira ndipo ndikuona ngati ikumwa kwambiri masiku ano. Anzanga ena akuti ndizitsegula denga m'malo moyatsa eyakoni, ena akuti ndiziika pa nyutirali potsetsereka. Ndimvere ndani? Wowerenga wa ku Area 47, Lilongwe.

YANKHO: Achemwali, musanamvere aliyense yezani kaye. Thirani fulu thanki mpaka pampu idule yokha, osagwedeza galimoto kuti mulowe wina, bwezani kaunta ya ulendo pa ziro, yendani mmene mumayendera masiku onse, ndiye mukadzathiranso fulu, makamaka pa pampu yomweyo, tengani makilomita mwayendawo mugawe ndi malita amene alowa. Mwayenda 400 alowa malita 36, ndiye kuti 11 pa lita. Chitani zimenezi kangapo chifukwa thanki imodzi imanamiza. Zothira za 10 pin lero 15 pin mawa n'kumayang'ana muvi sizingakuuzeni kanthu, muvi umakhala pamwamba nthawi yaitali kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi chifukwa cha mmene thanki inapangidwira. Ndipo ngati munasintha matayala n'kuika aakulu kuti galimoto ikwereko, kaunta imawerenga makilomita ochepa kuposa amene mwayenda, ndiye imaoneka ngati ikumwa pamene ayi.

Ya 1.8 ya zaka zimenezo ikamapanga 9 mpaka 10 m'tauni ndi 12 kapena 13 paulendo ili bwino, injini zakale zija sizinali zosunga mafuta ngati za pano ndipo giya yake yomaliza ndi yaifupi, pa 100 injini imakhala ikuzungulira kupitirira 3,000. Ikatsika kufika 7 ndiye pitani kwa makaniko, ayambe ndi zotchipa: mpweya wa m'matayala, fyuluta ya mpweya poti fumbi la Lilongwe mu Okutobala mukulidziwa, mapulagi ndi mawaya ake, mabuleki ogwira. Kenako aone sensa ya okosijeni pa ekizozi, imeneyo ikatopa kompyuta imangothira petulo wambiri. China chimene ndimadana nacho, amakaniko ambiri kuno amachotsa thermostat, kachipangizo kamene kamasunga injini pa kutentha koyenera, n'kutaya amvekere kuno n'kotentha siyofunika. Imeneyo ikachoka injini siyifika pa kutentha kwake, kompyuta imaganiza kuti kudakali m'mawa ndipo imathira petulo wochuluka tsiku lonse. Funsani ngati ilimo.

Za denga, m'tauni pa liwiro lochepa tsegulani, eyakoni pa injini yaing'ono imadya ndithu makamaka pa jamu. Koma pamsewu wa ku Salima mukamathamanga 100, denga lotsegula limasokoneza mphepo ndipo galimoto imakhala ngati ikukokedwa kumbuyo, ndiye zimene mwapulumutsa pozimitsa eyakoni zimathera pomwepo. Mphepo imakana galimoto mowirikiza, mukachulukitsa liwiro kawiri kukana kwake kumachuluka kanayi, n'chifukwa chake 120 imamwa kwambiri kuposa 90 ngakhale giya ili yomweyo.

Za nyutirali zokha ndikukanizani. Galimoto ya injekishoni ngati yanuyi mukachotsa phazi pa moto ili mu giya, kompyuta imadula petulo, matayala ndi amene amazunguza injini. Mukaika pa nyutirali injini iyenera kumwa kuti isazime. Ndiye mukuluza mafuta, komanso mukutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndi mabuleki okha, akatentha n'kusiya kugwira pa makona aja mudzaitana mayina a makolo onse. Giya 3 kapena 2, phazi pambali.

FUNSO: Nanga Nissan Fairlady Z, 350Z ija? Pali wina akugulitsa motchipa. Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Imeneyo ndiye alamu a ku Chilomoni aja amanena. Mipando iwiri yomweyo koma injini ndi V6 ya 3.5 ndipo imalemera pafupifupi tani ndi theka. A EPA anaipatsa 18 m'tauni ndi 25 pamsewu waukulu, kumene kuli makilomita 7.7 ndi 10.6 pa lita, ndipo mukamaiponda mmene imafunira mudzaona 6. Thanki yake ndi pafupifupi malita 80, werengerani nokha pa mtengo wa lero kuti fulu thanki ndi zingati. Matayala ake akumbuyo ndi otambalala, odula, ndipo sachedwa kutha. Mufunseni wogulitsayo chifukwa chake akuitchipitsa, ndipo ngati mukufunadi ya mipando iwiri yosavuta kudyetsa yang'anani Toyota MR-S, imene injini yake ya 1.8 ndi 1ZZ yomwe ija ya mu Corolla, masipeya ake a injini mungawapeze ngakhale ku Mzuzu konko.