Kompyuta yanga ili bwinobwino, ndiisinthirenji Windows?

Imelo ya mayi wina yakhala masabata awiri ndisanaiyankhe, ndipo sikuti ndi ulesi. Inandigunda pabala. Akuti laputopu yawo anagula mu 2016, ili ndi Windows 10, ikugwira ntchito bwinobwino, koma ikuwauza kuti singalandire Windows 11. Mwana wa achimwene awo akuti aikemo Linux, sisitimu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Iwo zonse ziwirizi sakuzifuna. Funso lawo linali la mzere umodzi: "Ndikangoisiya momwe ililimu, chindichitikire n'chiyani?"

Amayi, ndikuyankhani. Koma mundilole ndiyambe ndaulula, chifukwa funso lanulo ndinakhala nalo ine mwini zaka zitatu zathunthu.

Ine ndinakakamira Windows 7 ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, ine osatekeseka. Anzanga akandifunsa ndinkawauza kuti ndilibe nthawi, koma chifukwa chenicheni chinali sikana. Sikana yakalekale, yolemera ngati mwala, chivindikiro chake chinang'aluka pakona ndipo ndinachimata ndi selotepi. Ikamayamba ntchito imalira kaye kwa masekondi angapo ngati ikudandaula kuti mwaidzutsa. Koma mapepala imajambula bwino kuposa zatsopano zambiri zomwe ndaziona. Kampani yomwe inaipanga inasiya kalekale kutulutsa kapulogalamu koilumikiza ndi makompyuta atsopano, ndiye ndinkadziwa kuti ndikangosintha sisitimu, sikana yanga isanduka chokhalira mabuku. Kuwonjezera apo, dzanja langa linali litazolowera. Sindinkaganiza kuti chakuti chili pati, chala chinkangopita chokha. Munthu amene sanakhalepo ndi kompyuta imodzi zaka zisanu ndi zitatu sangamvetse kuti chizolowezi chimenechi ndi chuma. Chimakupulumutsa mphindi zambirimbiri tsiku lililonse, ndipo ukachitaya umakhala ngati mlendo m'nyumba mwako momwe, kufunafuna poyatsira getsi.

N'chifukwa chake sindigwirizana nawo anthu omwe amaseka munthu woopa kusintha, kumati ndi umbuli kapena ukalamba. Manthawo sanagwe kumwamba. Mu 2012 Windows 8 inabwera itachotsa mndandanda wa Start womwe anthu anauzolowera kuyambira 1995, n'kuikapo timabokosi todzaza sikirini yonse. Anthu anadandaula mpaka batani la Start linabwezeretsedwa mu Windows 8.1 chaka chotsatira, ndipo mndandandawo unadzabwereranso mu Windows 10 mu 2015. Chaka chomwecho wogwira ntchito wina wa Microsoft ananena pamsonkhano kuti Windows 10 ndiyo Windows yomaliza, ndipo anthu ambiri anamva kuti basi, zosamukasamuka zatha. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu Okutobala 2021, Windows 11 iyo. Ndiye munthu akamati "ndatopa nazo", ine ndimamumvetsa.

Ndipo nkhani yanuyi, amayi, ndi yowawa kuposa yanga, chifukwa si inu amene munayamba kukana. Ndi Windows 11 yomwe yakukanani. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa (ubongo wa kompyuta) yatsopanoko: kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, kwa AMD kuyambira Ryzen 2000. Mapurosesa a Intel a m'badwo umenewo anayamba kutuluka mu 2017, ndiye laputopu ya 2016 yaphonya ndi chaka chimodzi chokha. Sikuti ndi yofooka. RAM (memore yogwirira ntchito) yomwe Windows 11 imafuna ndi 4GB basi ndi malo osungira mafayilo a 64GB, zomwe laputopu yanu mwina ili nazo mosefukira. Microsoft imati malamulowa ndi a chitetezo, ndipo TPM imathandizadi kusunga makiyi achinsinsi pamalo povuta kuba, sindikutsutsa. Koma ndikana mpaka kalekale kuti njira yabwino yotetezera munthu ndi kumuuza ataye chipangizo chomwe chikugwira ntchito. Kompyuta yoti ikulemba makalata, ikuwerengetsa ndalama, ikuonetsa vidiyo popanda kujejema, si chinyalala. Amene angakuuzeni kuti "ingogulani ina" osafunsa kaye kuti mumaigwiritsa ntchito yanji, ameneyo akulankhula ndi thumba la eni.

Komabe apa mpamene ndisiyane nanu pang'ono, ndipo ndikusiyananso ndi ine wa zaka zija. Kungoisiya momwe ililimo kumaoneka ngati simunasankhe kanthu, koma mwasankha.

Tsiku lomwe Microsoft inaika loti Windows 10 isiye kulandira maapudeti aulere a chitetezo linali 14 Okutobala 2025. Kompyuta siizima tsiku lotere likapita, mafayilo sasowa, palibe chimene chimaoneka. Ndiye pamene pali msampha. Mwezi uliwonse anthu amatulukira mabowo atsopano mu Windows, ndipo Microsoft imawatseka ndi maapudeti. Windows 10 ndi Windows 11 n'zapachibale, zambiri za m'kati mwake n'zofanana. Ndiye bowo likatsekedwa mu Windows 11, akuba amaunika chigambacho kuti aone chomwe chatsekedwa, kenako n'kupita kukayesa bowo lomwelo mu Windows 10, komwe palibe wotseka. Mwezi ndi mwezi mabowo osatsekedwa amangochuluka. Antivairasi imathandiza, koma ili ngati mlonda yemwe wakhala pakhomo lakumaso pamene khoma lakuseri likugumuka.

Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150 m'masiku ochepa chabe. Inkatseka mafayilo a munthu n'kumufunsa dipo. Zipatala zambiri za ku Britain zinaimitsa maopaleshoni ndi kubweza odwala. Chomwe chimandiwawa nkhaniyi n'choti chigamba chotseka bowolo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Omwe anagwidwa anali aja osaika maapudeti ndi aja okhala pa Windows yakale. Palibe amene anaona chizindikiro dzulo lake. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ine sindinagwidwe ndi vairasi, ndisanamize. Chomwe chinandichotsa pa Windows 7 ndi bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Pa Windows 7, Chrome inathera pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023, ndipo pang'onopang'ono masamba ena anayamba kundikana. Umu ndi momwe sisitimu yakale imafera kawirikawiri, mapulogalamu amangoyamba kuitsanzika mmodzimmodzi.

Ndiye usiku wina ndinapsa mtima n'kuti basi, ndikuika Linux. Apa mumvetsere bwino, chifukwa mpamene ndinadzipweteka ndekha. Ndinaika Linux Mint, mtundu wina wa Linux, pa fulashi, ndinayatsa kompyuta kuchokera pa fulashipo, ndipo zonse zinaoneka zokongola. Wayifayi inagwira, mawu anamveka. Mtima unathamanga. Nthawi inali itapitirira 1 koloko usiku, maso akulemera, ndipo pa sikirini panabwera funso: kodi ndiike pambali pa sisitimu yomwe ilipo, kapena ndifufute disiki yonse? Linandichenjezanso kachiwiri. Ine ndinali wotsimikiza kuti mafayilo anga onse ndinakopera pa hadi disiki yakunja mlungu wapitawo. Ndinadina kufufuta. M'mawa ndikutsegula hadi disiki ija, mafoda onse analipo, mayina ake ali ndondondo. Ndinatsegula foda ya zithunzi. Munali zithunzi khumi ndi zinayi. Kukopera kuja kunaima panjira tsiku lija ine osaona, ndipo sindinabwerere kukayang'ana. Zithunzi za zaka zisanu ndi chimodzi zinapita, kuphatikizapo zomaliza za malemu bambo anga. Ndinayesa mapulogalamu obweza mafayilo ofufutika, ndinapulumutsa zochepa, zina zitadukaduka pakati ngati zadyedwa ndi chiswe. Palibe woti ndimuloze chala. Kompyuta inandifunsa kawiri, ine ndinayankha kawiri.

N'chifukwa chake mwana wa achimwene anuyo ndikumuopa pang'ono, ngakhale sindimudziwa ndipo mwina ndi mwana wabwino. Anthu okonda Linux ndimawadziwa chifukwa tsopano ndine mmodzi wa iwo, ndipo tili ndi matenda amodzi: timakonda kutembenuza anthu kuposa kuwamvetsera. Timabwera ndi fulashi m'thumba, timaika Linux m'mphindi makumi awiri, timanyadira, kenako timapita. Amene watsala ndi kompyutayo Lolemba m'mawa, pulinta ikukana ndipo fomu ikufunika pofika masana, ndi inu. Walira mvula walira matope, koma apa wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi wina. Munthu amene sangalonjeze kuyankha foni yanu kwa mwezi wathunthu asakhudze kompyuta yanu.

Izi sizikutanthauza kuti Linux ndi yoipa. Ine sindingabwererenso. Inayambidwa ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo lero ndiyo ikuyendetsa makompyuta ambiri omwe amasunga intaneti. Ngati foni yanu ndi ya Android, Linux muli nayo kale m'manja, chifukwa mtima wa Android ndi Linux. Ndi yaulere, siyang'ana za TPM, ndipo pa laputopu ya 2016 imathamanga bwino. Mitundu yake ndi yambiri moti imasokoneza mutu, koma kwa munthu wochokera ku Windows ine ndimangotchula iwiri. Ubuntu, yomwe inayamba mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lakelo ndi lomwe ife timati umunthu, imatulutsa mtundu wokhalitsa mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kuusamalira zaka zisanu. Linux Mint inamangidwa pamwamba pa Ubuntu, ndipo maonekedwe ake ndi aja munawazolowera, batani pansi kumanzere, mndandanda wa mapulogalamu, wotchi kumanja. Mint 22 ilandira maapudeti mpaka 2029. Kunena zoona, tsiku loyamba pa Mint ndinasochera pang'ono kuposa momwe ndimasocherera ndikabwereka laputopu ya Windows 11, momwe batani la Start lili pakati ndipo ukadina batani lakumanja la mausi umapeza theka la zomwe unkazipeza kale.

Koma matope aja ndi awa. Microsoft Word ndi Excel za pakompyuta sizikhala pa Linux, Photoshop chimodzimodzi. Pali LibreOffice, yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo pa kalata wamba simuona kusiyana. Koma fayilo yokhala ndi matebulo ovuta kapena Excel ya ma macro (timalamulo togwira ntchito tokha) imatha kutuluka itapotoka, ndipo ngati mumatumizirana mafayilo ndi anthu a muofesi tsiku ndi tsiku, zimenezi zidzakutopetsani. Word ndi Excel za pa intaneti zimagwira mu bulawuza, koma n'zoperewera. Ndipo ngati muli ndi pulogalamu imodzi ya ntchito, ya maakaunti kapena ya makina ena ake, yomwe inapangidwira Windows yokha, nkhani yathera pomwepo. Anthu adzakuuzani za Wine, yomwe imayendetsa mapulogalamu ena a Windows pa Linux. Ena amayenda, ena ayi, ndipo sindingaike ntchito yodyetsa banja pa mwayi wotero.

Kunena za sikana ija, inagwira pa Mint popanda kuikapo kalikonse. Ndinangoilumikiza, inalira kulira kwake kuja, n'kujambula. Zaka zitatu ndinakhala pa sisitimu yakufa chifukwa cha vuto lomwe kunalibe.

Ndiye mutani?

Musanachite china chilichonse, koperani mafayilo anu onse pa hadi disiki yakunja, ndipo mukamaliza muwatsegule, muwerenge, muone kuti alipodi. Kenako tengani pepala mulembe mapulogalamu omwe mwagwiritsa ntchito mwezi wathawu, osati omwe ali m'kompyutamo, omwe mwatseguladi. Ambiri timapeza kuti ndi anayi kapena asanu, ndipo yoyamba ndi bulawuza. Pepala limenelo ndilo likuuzeni zochita, osati ine kapena mwanayo.

Ngati simunakonzeke, Microsoft ili ndi ndondomeko yotchedwa ESU yopitiriza maapudeti a chitetezo a Windows 10 kwa anthu wamba mpaka 13 Okutobala 2026. Imafuna akaunti ya Microsoft, ndipo mumalembetsa pamalo pomwe mumaonera maapudeti. Ndi yongogulira nthawi, koma nthawiyo ndi yomwe mukufuna. Pa intaneti mupezanso njira zokakamizira Windows 11 pa kompyuta yokanidwa. Zimatheka, koma Microsoft inanena kuti makompyuta otero sikuwalonjeza maapudeti, ndiye kwa inu sindikulimbikitsa. Linux iyeseni kuchokera pa fulashi, osaiika. Siikhudza chilichonse cha m'kompyuta mwanu. Yesani wayifayi, pulinta, kamera, ndipo mutsegule mafayilo anu enieni a ntchito. Idzaoneka yochedwa chifukwa ikuyendera pa fulashi, musaiweruze pa chimenecho. Ngati pali pulogalamu imodzi yokha yomwe ikukumangani ku Windows 10, mukhoza kuisunga laputopuyo pa ntchito imeneyo yokha, yosalumikizidwa ku intaneti, zabanki ndi maimelo n'kumachitira pa foni.

Ndipo mwanayo akabwera ndi fulashi yake, mumukhazike pansi, ayambe waona ndi maso ake zithunzi zanu zikutseguka pa hadi disiki inayo. Zisakhale za usiku.