Za kuyeza dokotala amene akuoneka kuti sali bwino

Bambo, mwafunsa ngati dokotala amene manja ake ayamba kunjenjemera pobaya jakisoni, kapena amene amafika kuntchito akununkha mowa, angathe kuyezedwa asanapitirize kuona odwala. M'dziko muno, bungwe limene limalembetsa madokotala ndi kulandira madandaulo okhudza ntchito yawo ndi Medical Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe.

Mabungwe otere akakayikira thanzi la dokotala, nthawi zambiri amamutumiza kwa madokotala ena osagwira naye ntchito, kuti akamuyeze thupi, maso, kukumbukira zinthu, ndiponso ngati akumwa mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Funso lalikulu silakuti kodi akudwala, koma kuti kodi matendawo akuika odwala pachiswe. Ndi chifukwa chake ena amaloledwa kubwerera kuntchito akulandira chithandizo ndi kuyang'aniridwa, pamene ena amayimitsidwa kaye.

Ine ndimaona kuti chovuta kwathu kuno ku Zomba ndi manyazi, pakuti munthu akangomveka kuti wapita ku Zomba Mental Hospital, anthu amamunena, ndipo anzake a dokotalayo amasankha kungokhala chete. Mukalemba dandaulo, fotokozani zimene munaona ndi maso anu, tsiku ndi malo ake.