Bwanji amayesera poizoni pa yisiti?

Wina wanditumizira imelo kufunsa kuti: "Ndamva kuti asayansi amathira mankhwala oopsa pa yisiti kuti aone ngati akuononga DNA. Yisiti yemweyu wofufumitsira buledi? Nanga zikukhudzana bwanji ndi munthu?"

Eya achimwene, yemweyo, dzina lake Saccharomyces cerevisiae. Ndi kaselo kamodzi basi koma kali ndi nyukiliyasi (kachipinda kosungira DNA, malangizo oyendetsera selo) ngati maselo athuwa, majini (tizigawo ta DNA) pafupifupi 6,000, ndipo DNA yake yonse anamaliza kuiwerenga mu 1996. Kakapeza shuga kamagawikana pa mphindi ngati 90 zilizonse, ndiye zotsatira sizichedwa.

DNA imaonongeka tsiku lililonse, kaya ndi dzuwa kaya mankhwala, ndipo selo ili ndi mapuloteni ake okonza. Ambiri mwa okonzawa ali mwa yisiti, alinso mwa inu, mwachitsanzo RAD51 amene amathandiza kulumikiza DNA ikadukiratu, mwa munthu amagwira ntchito limodzi ndi BRCA2, jini ija imatchulidwa pa nkhani ya khansa ya m'mawere.

Mmene amachitira mu labu ndi chonchi. Amatenga yisiti wabwinobwino ndi wina amene amuchotsa jini imodzi yokonzera, tinene RAD52, n'kudontheza onse awiri pa kambale ka jeli kosakaniza ndi MMS, mankhwala amene amamata timagulu ta maatomu totchedwa methyl pa DNA. Pakatha masiku awiri kapena atatu mbali ya wabwinobwino uja pamamera timadontho toyera, mbali ya winayo mbee, palibe chamera. Apo wadziwa kuti mankhwalawo akumenya DNA, ndipo ukamasinthasintha jini yochotsayo umadziwanso mtundu wa bala lake.

Koma imene imandigwira mtima ine ndi nkhani ya cadmium, chitsulo chopezeka m'mabatire ena ndi mu utsi wa fodya. Mu 2003 ofufuza anaonetsa pa yisiti kuti cadmium wochepa chabe amalepheretsa mismatch repair, gulu lokonza zolakwika zimene zimalowa DNA ikamakopedwa. Ndiye selo siyifa ayi, imangogawikana ngati zonse zili bwino pamene zolakwika zikuunjikana m'kati, ndipo zimenezi kwa ine ndi zoopsa kuposa poizoni wopha pompopompo chifukwa munthu wongowerenga maselo akufa anganene kuti palibe vuto.

Musatengeke kwambiri komabe. Yisiti ali ndi khoma lolimba komanso mapampu ngati Pdr5 amene amalavula mankhwala asanafike pa DNA, alibenso chiwindi, pamene zinthu ngati aflatoxin B1 (poizoni wochokera ku chuku) zimayamba kuononga DNA pokhapokha ma enzyme (mapuloteni osintha mankhwala) a m'chiwindi akazisintha kaye. N'chifukwa chake ofufuza ena amachita kuika jini ya munthu ya CYP1A2, yopanga imodzi mwa ma enzyme amenewa, mwa yisiti kuti aflatoxin ayambe kugwira. Funso loti mlingo wanji ungapweteke munthu, limenelo amakaliyesa pa maselo a anthu ndi pa nyama.