Yambirani ku Merv

Achimwene, mwafunsa zoti mukaone pa masiku asanu ku Turkmenistan. Ine ndingati yambirani ku Merv, pafupi ndi mzinda wa Mary. Unali mzinda waukulu pa njira ya amalonda a silika mpaka a Mongol anauphwasula mu 1221, koma manda a mfumu yakale Sultan Sanjar adakaimabe pachigwa chouma. Ukaima pamenepo thupi limachita tsemwe ndithu.

Mabwinja a mzinda wakale wa Nisa ali pafupi ndi likulu la dzikolo, Ashgabat, theka la tsiku likwana. Dzenje la moto la Darvaza, m'chipululu cha Karakum, mukalione usiku. Mzinda wakale wa Kunya-Urgench uli kutali kumpoto, komabe nsanja yake ya Kutlug Timur njofunika kuiona.

Musapite mu Julaye, kumatentha koopsa. Viza ya alendo yakhala ikufuna kalata yokuitanani, choncho yambani msanga kukonzekera.