Nyimbo wanditumiziraye ikunena za ine kapena za Yesu?

Azakhali,
Bwenzi langa ankamwa mowa kwambiri, malipiro onse ankathera ku bawa, koma chiyambireni chibwenzi chathu wachepetsako ndithu. Sabata yatha wanditumizira nyimbo yachizungu pa WhatsApp n'kulemba kuti iyi ndi yako. Woimbayo akuti ankangokhala ngati wakufa, osadziwa n'komwe kuti akuvutika, mpaka chikondi cha wina chinamudzutsa n'kumupulumutsa. Ine ndinasangalala mpaka misozi, koma achemwali anga atamvera akuti imeneyo ndi ya gospel, wopulumutsa ndi Yesu yekha, ndiye mnyamatayo akungondipusitsa ndi nyimbo ya kutchalitchi. Zoona ndi ziti?
Wosokonezeka, Chilomoni

Mwanawe, achemwali akowo makutu awo ndi abwinobwino. Zotayika n'kupezedwa, kusambitsidwa, kupulumutsidwa, zonsezo kwawo ndi kutchalitchi, koma oimba zachikondi anayamba kalekale kuzibwereka ndipo sabweza. Ku America oimba ambiri a soul anakulira mu kwaya. Mu 1954 Ray Charles anatenga nyimbo yotamanda Yesu n'kuisintha mawu kuti izitamanda mkazi, ndi imene inatuluka I Got a Woman ija, anthu ampingo ena anakwiya nazo ati akuseweretsa za Mulungu. Sam Cooke nayenso, mwana wa abusa yemwe ankaimba gospel ndi gulu la Soul Stirrers, anapanga zomwezo ndi nyimbo yake yoyamba yachikondi moti anachita kuitulutsa ndi dzina loti Dale Cook kuopa anthu opemphera, koma aaa mawu akewo sakanabisika, anthu anamuzindikira basi, ndipo mu 1957 anachoka m'gululo.

Achemwali akowo atsegulenso Baibulo lawo pa Nyimbo ya Solomo. Machaputala 8, mwamuna ndi mkazi akungoyamikirana milomo, tsitsi, mano, khosi, zina mpaka umachita manyazi kuwerenga pamaso pa apongozi. Komatu Ayuda amaiwerenga pa Pasaka ngati chikondi cha Mulungu ndi Israeli, Akhristu ambiri ati ndi Khristu ndi mpingo wake, ndipo wansembe wina wa ku France, Bernard wa ku Clairvaux, analemba maulaliki 86 pa bukuli n'kumwalira mu 1153 asanafike olo pakati pake. Nde mkangano wanuwo si wa lero.

Ukafuna kudziwa nyimbo yakoyo, imverenso bwinobwino. Wopulumutsayo ali ndi thupi? Ngati akumugwira dzanja, akumuyang'ana m'maso, anakumana naye penapake, ndiye kuti ndi munthu. Mukamveka za mtanda, mwazi, kumwamba, achemwali ako awina. Ikangoti iwe, iwe, osatchula kanthu, dziwa kuti oimba ena amachita dala kuti iziyimbidwa ku ukwati ndi ku fellowship komwe.

Koma ine chimene chikundidetsa nkhawa si chimenecho ayi. Taona amene akugwira ntchito mu nyimbomo. Wandidzutsa, wandipulumutsa, wandisintha, zonse akuchita ndi winayo, woimba angogona phee kulandira. Mu nyimbo zimakoma, mphindi zinayi yatha, koma pakhomo zimenezi ndi katundu wolemera, chifukwa mwamuna amene wakuika kukhala mpulumutsi wake, tsiku limene adzabwere akudzandira m'bandakucha adzati wandikwiyitsa ndi iwe n'chifukwa chake ndamwa, ndiye iwe uyambe kudziimba mlandu kuti kaya chikondi changa chachepa, kaya sindinamuyankhe bwino, pomwe botolo anakagula yekha. Munthu ukhoza kumugwedeza kuti dzuka, koma kutsika pabedi ndi miyendo yake.

Sindikuti akunama. Amuna ambiri zolankhula zamumtima zimawavuta, amatuma nyimbo kuti ikawanenere, ndipo zimachitikadi kuti munthu akakondedwa amayamba kudziona kuti eti nanenso ndine munthu, ndingathe kusintha. Ilandire nyimboyo ngati zikomo wake. Kenako mufunse mwachifatse, osati mokhala ngati wapolisi, kuti mawu amene anamukhudza kwambiri ndi ati, ndipo iyeyo payekha wasiya chani. Umve ngati akutchula zogwirika, monga anzake amene wasiya kuyenda nawo, ngongole imene wabweza, kapena akungobwereza kuti ndiwe mngelo wanga.

Uonenso mwezi ukatha, Lachisanu akalandira, foni imakhala yoyatsa kapena imazima mpaka Lamlungu. Ndipo ngati akakhala osamwa amanjenjemera manja m'mawa, thukuta kamukamu, tulo osabwera, asasiye mwadzidzidzi yekha kunyumba chifukwa ena amafika pokomoka, mupite naye kuchipatala akamuone adokotala.
Azakhali