Zoti oyendetsa ndi amene anagwetsa 737 MAX, ayi

Achimwene, zoti oyendetsa a Lion Air ndi Ethiopian Airlines anali osadziwa ntchito musazibwerezenso muno. Anthu 346 a pa ngozi ziwiri za ndege za Boeing 737 MAX zija anapita chifukwa cha kachipangizo kamodzi konama, ndi pulogalamu ya MCAS yomwe Boeing sanailembe n'komwe m'buku la oyendetsa.

Ndege ya 737 ndi yaifupi miyendo. Injini za LEAP-1B ndi zazikulu, ndiye anazikankhira kutsogolo kwa phiko n'kuzikwezako, zomwe zimachititsa kuti ndege ikadzutsa mphuno kwambiri izifuna kudzutsabe. MCAS anaiika kuti izitembenuza phiko lopingasa la kumchira n'kutsitsa mphunoyo, ma flap (zigawo za kumbuyo kwa phiko zomwe amazitambasula ponyamuka ndi potera) akabwezedwa, autopilot (makina oulutsa ndege okha) ili yozima. Ndegeyi ili ndi masensa awiri, tizipangizo toyeza mmene mphepo ikumenyera phiko, ina kumanzere kwa mphuno ina kumanja, koma MCAS inkamvera imodzi yokha. Inkatsitsa mphuno ndi madigiri 2.5 m'masekondi pafupifupi 10. Woyendetsa akabweza ndi batani la trim (loyendetsera phiko la kumchira lija), inkadikira masekondi 5 n'kuyambiranso. Pa 29 October 2018 kapitawo wa Lion Air anabweza choncho maulendo oposa 20 ndegeyo isanagwere m'nyanja ya Java, itatha mphindi 13 chinyamukireni ku Jakarta. Sensa yake inali itaphonya ndi madigiri 21.

Koma ngozi ya Ethiopian Airlines ya pa 10 March 2019 ndiyo imandiwawa. Atangonyamuka ku Addis Ababa, sensa yakumanzere inalumpha kufika madigiri 74. Chiwongolero cha kapitawo chinayamba kunjenjemera kuchenjeza kuti phiko lasiya kunyamula, pomwe ndege inali bwinobwino. Mawotchi a liwiro a mbali ziwiri akutsutsana, mawu ochenjeza akukuwa, nthaka ili pafupi. Atangobweza ma flap, MCAS inawaweramitsa. Oyendetsawo anachita zomwe Boeing analangiza pambuyo pa ngozi yoyamba ija: anazimitsa maswitchi awiri a stab trim cutout. Ukatero magetsi oyendetsa phiko la kumchira amathima, umatsala ndi gudumu lopukusa pamanja lili pambali pa bondo. Injini zinali zidakali pa 94 peresenti, liwiro litadutsa malire a ma knot 340 (muyezo wa liwiro la ndege), ndipo pa liwiro lotero, wina akukoka chiwongolero ndi mphamvu zake zonse, gudumulo limalimba ngati lawotchereredwa. Silinasunthe. Anayatsanso magetsi kuti abweze ndi batani, MCAS inadzuka n'kutsiriza. Mphindi 6 zokha, anthu 157, pafupi ndi tauni ya Bishoftu.

Ndiye wina ali pa mpando wa ndalema azinena kuti akanachita zakuti? Chomwe chimapsetsa mtima, uthenga wochenjeza kuti masensa awiriwo akusemphana sunkaoneka pa ndege zambiri pokhapokha kampani itagula kachizindikiro kena kapadera. FAA, bungwe la boma la America loyang'anira za ndege, poyamba inauzidwa kuti MCAS imasuntha madigiri 0.6 okha. Zonsezi pofuna kuti oyendetsa 737 yakale asafunike maphunziro a mu simulator (makina oyeserera kuulutsa ndege uli pansi), ndege zigulike msanga. Mu January 2021 Boeing anavomera kulipira madola 2.5 biliyoni pa mlandu wonamiza FAA.

Komabe tikiti yanu musabweze. Ndegezi zinaimitsidwa kuyambira March 2019 mpaka November 2020, ndipo MCAS ya lero imayerekeza masensa onse awiri. Akasiyana ndi madigiri 5.5 imadzizimitsa, imagwira kamodzi basi, ndipo siingapose mphamvu ya woyendetsa pokoka chiwongolero. Kwa amene mukuphunzira kuulutsa, kunena zoona, kuchepetsa mphamvu ya injini kukanafewetsa gudumu lija, ndiye liwiro musamaliiwale ngakhale zonse zikulira. Trim ikayamba kuyenda yokha, yambani mwabweza ndi batani mpaka chiwongolero chipepuke, kenako zimitsani maswitchi aja, ndipo musawayatsenso mpaka mutatera.